Asanu ndi Awiri

Anatituma ndi tochi, kagalasi, magolovesi
ndi fomu ya masamba anayi.
Anati: kawerengeni mano a okalamba,
otsala, obooka, ogwedera,
ndipo musachedwe pakhomo limodzi.

Ku Chamama, kuseri kwa chigafa chopendekera,
ndinapeza a Lufeyo atatsamira chipupa.
Atadinda chala papepala lovomereza
anaiyang'anitsitsa inki ija.
"Komaliza kudinda chonchi
ndinkatenga ngongole ya chimanga ku esiteti."

Yasamulani, bambo.
Tochi inalowa ngati mlendo wofika pabwinja:
apa chitsa, apo dzenje,
uko awiri otsamirana ngati oledzera.
Asanu ndi awiri. Ndinalemba.

Koma iwo anandigwira dzanja.
"Mwawerenga amoyo okha, mwana wa sukulu.
Nanga maliro?
Ili lapatsogolo linapita ndi chingwe chosokera fodya,
chaka chimene bwana anati mabelo onse abwerera ku okushoni.
Ili analizula Gomani wokonza njinga,
ndi pulayazi, ine nditakumbatira mtengo wa mango.
Anandilipiritsa nkhuku.
Awa atatu anaguluka okha
mvula yoyamba atamwalira mayi a kuno,
ngati anamva kuti ophika achoka."

Pafomu panalibe mzere wa chingwe,
panalibe wa pulayazi kapena wa nkhuku.

Funso lakhumi ndi chinayi:
Kodi mumavutika kutafuna?
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Nzimbe ndimangoipatsa moni.
Chimanga chokazinga ndimachidya ndi makutu
ana akamakukuta pabwalo."

Funso lotsatira: Amakusamalani ndani?
Mabokosi anali anayi:
mkazi, mwana, boma, palibe.
Cholembera chinaima m'malere,
pakuti pamtondo panali Felesiya,
mpongozi wawo,
amene mwamuna wake anakwera basi ya ku Joni
dzinja lachisanu ndi chimodzi lapitalo
ndipo foni yake inaleka kulira.
Iye sanabwerere kwawo ku Santhe.
Amasinja mtedza mpaka ulire mafuta,
amanyenya mbatata ndi msana wa supuni,
usiku amafunditsa madzi amchere
nkhalamba ikamabuula ndi nkhama zotupa.
Ndinamufunsa chifukwa chake.
Sanaleke kusinja.
"Nanga adye chiyani?"

Ndinachonga "mwana".
Ndinafufuta.
Ndinalemba dzina lake m'mphepete
momwe makina sawerenga.

Ndikuvula magolovesi, a Lufeyo anafunsa:
"Tsono mwawerengamu, abwera liti ena?"
Ndinanena zimene anatiphunzitsa,
kuti zotsatira zidzathandiza a m'tsogolo,
kuti lipoti lidzafika kwa akuluakulu.
Anagwedeza mutu mwaulemu,
monga amachitira munthu wouzidwa mtengo wa fodya
umene sangaukane.
"Kauzeni akuluakuluwo
kuti la kumanzereli silidikira lipoti."

Felesiya anandiperekeza mpaka pa mjigo
nandipatira mtedza wokazinga m'kapepala.
Pakabaza ndinaugwira osadya.
Fumbi linkalowa m'kamwa,
lilime langa likuyendera mano anga
limodzilimodzi, ngati mwini khola madzulo:
onse alipo,
onse alipo lero.

Ku boma, magetsi atabwera,
ndinatsegula kompyuta.
Nambala 213, mwamuna, zaka sakuzidziwa bwino.
Mano: 7.
Kabokosi kanameza nambalayo osatafuna.

Mawa tili ndi makomo khumi ndi awiri.
Mtedza uja uli pawindo,
ndipo sindikudziwa chifukwa chake
ndikuopa kuti ndikauluma
umveka mpaka ku Chamama.